Injiniya Wopanda Pepala

Pulani yonse inabadwira pa tebulo la pakona m'bala, Lachisanu masana, anthu aulemu adakali ku ntchito. Mapulani, amene dzinali anadzipatsa yekha poona kuti anzake akuchedwa kumupatsa, anakankhira mabotolo pambali n'kuyamba kujambula pa tebulo ndi chala chonyowa. Apa geti, apa risepushoni, apa sitolo. M'sitolomo munali malaputopu khumi ndi awiri atsopano, adakali m'makatoni, a kampani ina yogulitsa mapampu a madzi.

Chigubu ankagwedeza mutu ngati akumva, koma maso ake anali pa botolo lija linakankhidwa lisanathe. Iyeyu ndiye anabweretsa nkhaniyi. Mlamu wake ankakolopa mu ofesiyo Loweruka lililonse masana, ndipo akangolawa botolo limodzi, pakamwa pake pankasanduka mpopi wothothoka. Anaulula kuti kiyi wa chitseko chakutsogolo amakhala m'thumba la ovolosi yake. Anaulula kuti makamera a pakhoma aja ndi maluwa chabe, sanajambulepo kanthu kwa zaka zitatu. Anaululanso kuti chitseko cha sitolo chimatseguka ndi nambala yachinsinsi, ndipo sekilitale, pokhala munthu woiwala, nambalayo anailemba m'fayilo pa kompyuta ya pa risepushoni, fayiloyo n'kuipatsa dzina loti Nambala ya Sitolo, kuti angaiwalenso pamene anaibisa.

"Ndiye apa mpamene ukulowera iweyo, Injiniya," anatero Mapulani. "Uyatsa, utsegula fayilo, utiwerengera nambala. Mphindi khumi tatuluka. Dilu imeneyi yopanda katswiri siingatheke, aise."

Mawu oti katswiriwo ndi amene anamumaliza Injiniya. Munthuyu sanabepo ngakhale batani la malaya. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankakonza makompyuta kuseri kwa shopu ya bambo wina amene anthu ankamutcha Madigiri, chifukwa khoma lake lonse linali masetifiketi a m'mafulemu. Injiniya ankakonza kuseri, Madigiri ankalandira zikomo kutsogolo. Tsiku lina kasitomala anafunsa kuti wakonza ndani makina ake, Injiniya n'kuyankhira kuseri konko kuti ndine. Sabata isanathe anamuonetsa msana wa njira, ndipo Madigiri anamuuza pamaso pa anthu kuti asamadzimve, iye ndi wopukuta fumbi basi.

Mawu amenewo anamukhala pamtima ngati munga wa nsomba pakhosi. Dzina loti Injiniya anthu ankamuitana nalo akuseka. Ngakhale mkazi wake, amene ankamukonda ndithu, akakwiya ankafunsa kuti injiniya wake uti wopanda pepala ngakhale limodzi lolembedwa dzina lake. Iye sankalota galimoto kapena nyumba yosanja. Ankangofuna munthu mmodzi, wamaudindo ake, anene osaseka kuti uyu ntchito amaidziwa. Ndiye Mapulani atanena kuti katswiri, ngakhale ankanunkha mowa, Injiniya anavomera asanafunse n'komwe kuti gawo lake likhala lotani.

Loweruka linafika. Mlamu uja anamusiya kunyumba kwa Chigubu akuliza mkonono pa sofa, atamumwetsa kuyambira mmawa n'kumutengera kiyi uja. Atatuwo anavala maovolosi, ananyamula mamopu ndi ndowa, nadutsa pa geti dzuwa lili pamutu. Mlonda sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake. Apa pokha Mapulani analondola: munthu wonyamula mopu safunsidwa dzina, ndipo nkhope yake palibe amaiyang'ana.

Kompyuta ija anaipeza pa desiki ya sekilitale, pakati pa duwa lapulasitiki ndi kapu ya zolembera. Inali ya makedzana, bokosi lalikulu limene kale linali loyera, tsopano lofiirira ngati mano a munthu wosuta. Pamwamba pa sikirini panamatidwa kapepala kolembedwa ndi dzanja: Chonde dinani kamodzi kokha, kenako dikirani.

Injiniya anadina batani. Makinawo anabuula ngati nkhalamba imene aidzutsa tulo ta masana, fani n'kuyamba kukhosomola. Mphindi zinayi zinatha sikirini isanaganize zoonetsa kanthu. Itayaka, mapulogalamu anayamba kudzitsegula okha mmodzimmodzi: wina wa nyimbo, wina wa zanyengo, wina wofunafuna pulinta imene inatayidwa kalekale, ndi awiri osaka mavairasi amene aliyense ankaganiza kuti vairasiyo ndi mnzakeyo. Injiniya anapinda manja n'kudikira, monga momwe kapepala kaja kanapemphera.

Mapulani kudikira sankakudziwa. Anayang'ana wotchi, anayang'ana kukhomo, kenako anakankha Injiniya ndi chigongono n'kulanda mausi. Anadina fayilo ija kawiri. Palibe chinachitika. Anadinanso, nadinanso, chala chikugunda ngati akugogoda pakhomo la munthu amene akudziwa kuti ali m'nyumba. Atafika ka makumi awiri, kamuvi ka pa sikirini kanasanduka kabwalo kozungulira, kanazungulira katatu, n'kuima. Chigubu, pofuna kuthandiza, anaimenya kompyutayo khofi.

"Osaimenya," anatero Injiniya, ndipo mawu ake anadabwitsa onse, chifukwa anali a munthu amene waona mwana wake akumenyedwa. "Siikukana dala. Memori yake ndi yochepa."

Anawafotokozera kuti memori ili ngati tebulo la telala. Nsalu zonse zimakhala mu kabati kuseri, koma imene akusoka iyenera kuyalidwa pa tebulo. Tebulo la kompyuta iyi linali laling'ono, ndipo mapulogalamu odzitsegula okha aja anali atalidzaza kale. Tsopano Mapulani anali ataitanitsa nsalu imodzimodzi ka makumi awiri, ndiye telala wosaukayo ankangothamanga pakati pa tebulo ndi kabati, kuchotsa iyi, kubweretsa iyo, osasoka kanthu.

Mapulani anati sanabwere kudzaphunzira zausoki, ndipo analamula kuti chinthucho chiyende msanga.

Apa tinene chilungamo. Njira yachidule inalipo, ndipo Injiniya ankaidziwa: kuzimitsa, kuyatsanso, kudikira mphindi khumi ndi zisanu, n'kudina kamodzi. Akanatero, bwenzi nkhani ino ikutha malaputopu ali pa msika. Koma powerama kuti azimitse, anaona kunsi kwa desiki kompyuta ina yofanana ndendende ndi yoyambayo, yakufa, imene sekilitale ankaikapo mapazi. Manja ake, amene anakhala miyezi isanu ndi itatu osagwira makina, anayamba kuyabwa.

Anawauza kuti popanda opaleshoni fayilo siitseguka. Linali bodza lake loyamba pa ntchito ya umbava, ndipo ananamiza mbava zinzake.

Anatulutsa sikuludilaiva imene ankayenda nayo paliponse ngati mmene ena amayendera ndi chipeso. Atatsegula bokosi lija, anapeza fumbi loti munthu akhoza kudzalamo mbewu. Anapukusa mutu poona kachizindikiro komatidwa m'katimo kosonyeza kuti makinawa amasamalidwa ndi shopu ya Madigiri. Anauzira fumbilo, Chigubu n'kuyetsemula kasanu ndi kawiri motsatizana. Kenako anatsegula yakufa ija, nazula kachitsulo kobiriwira, kotalika ngati chala, ndiko kamemori. Anatenga labala pa desiki ya sekilitale, napukuta mano ake agolide mosamala, ngati mayi akusambitsa khanda, n'kukalowetsa m'malo amene anali opanda kanthu pambali pa kanzake. Kanalira kuti kwa, ndipo Injiniya anamwetulira koyamba chaka chimenecho.

Mapulani anali atazungulira risepushoni maulendo osawerengeka. Mphindi khumi zake zija zinali zitabereka ana ndi zidzukulu.

Koma Injiniya anali asanamalize. Atayatsa, anatsegula mndandanda wa mapulogalamu odzitsegula okha n'kuyamba kuwathamangitsa pa tebulo. Wa nyimbo, pita. Wa zanyengo, pita, zenera lilipo. Wa pulinta yotayidwa, kalire maliro kwina. Mwa osaka mavairasi aja anasiyapo mmodzi. Panatsala pulogalamu imodzi yokhala ndi kachithunzi ka chishango, dzina lake zilembo zitatu zosatanthauza kanthu. Chala chake chinaima pamenepo. Lamulo lake la ntchito, limene sanaliswepo, linali lakuti chimene sukuchidziwa pa makina a eni ake usachichotse. Anaisiya, nayatsanso kompyutayo.

Inayaka mphindi imodzi isanathe. Anadina fayilo ija kamodzi, ndipo inatseguka asanachotse chala. Nambala inali poyera, manambala anayi akuluakulu.

"Shasha," anatero Mapulani motsitsa mawu, ndipo sankaseka.

Injiniya anamva misozi ikubwera. Anali wokondwa kwambiri moti akanatha kuiwala malaputopu onse n'kukhala pomwepo kutsegula ndi kutseka mafayilo mpaka Lolemba.

Pulogalamu ya chishango ija nayonso inali yokondwa. Kwa zaka zitatu inkadzuka mmawa uliwonse, kufika pa tebulo, kupeza podzaza, n'kubwerera kukagona. Lero inapeza malo. Sikirini inagawika panayi, ndipo m'bokosi lina munaoneka amuna atatu a maovolosi atawerama pa desiki. Chigubu anafunsa kuti amenewo ndani, nakweza dzanja, wonenepa wa pa sikirini naye n'kukweza dzanja. Pakhoma, timagetsi tofiira ta makamera tinayaka ngati maso a khoswe. Pulogalamuyo inayang'ana tsiku ndi nthawi, inaona kuti ofesi ndi yotseka, ndipo chitseko chakutsogolo chinadzikhoma chokha ndi phokoso la chitsulo. Pansi pa sikirini panatuluka mawu aulemu onena kuti uthenga watumizidwa kwa manijala.

Kiyi wa mlamu anazungulira m'loko ngati supuni m'kapu. Mawindo onse anali ndi zitsulo. Mapulani ananyamula ndowa kuti aphwanye kompyutayo, koma Injiniya anaima kutsogolo kwake atatambasula manja, nanena kuti kuiphwanya sikutsegula chitseko. Zinali zoona, koma si chifukwa chake anaimirapo.

Mapulani anatsitsa ndowa. Timupatse ulemu wake, munthuyu akapanikizika mutu unkagwira. Anati makamera ayamba kujambula pompano, sanaone za sikuludilaiva. Sitolo sanaikhudze. Kodi iwo avala chiyani? Anyamula chiyani? Ndiye akolope.

Anakolopa, abale. Chibadwire ofesi imeneyo sinakolopedwepo choncho. Chigubu anakwecha mpaka kuseri kwa kabati, thukuta lili kamukamu. Mapulani anathira sopo theka la botolo pa matailosi a pakhomo, n'kumamwetulira kamera iliyonse imene wadutsa. Injiniya anatseka fayilo, anabwezera bokosi lakufa kunsi kwa desiki, anakokera chipewa kumaso, n'kumapukuta sikirini ndi chikondi.

Patatha theka la ola chitseko chinatseguka, ndipo analowa mayi manijala, foni ili m'manja, kumbuyo kwawo apolisi awiri, wamkulu wa mimba ndi wachitsikana wonyamula kabuku. Mapulani anawalandira ndi ulemu wa mwana wa mbusa. Anafotokoza kuti wokolopa wa masiku onse wadwala mwadzidzidzi, ndipo iwo monga achibale anati ntchito isaime. Mayiwo anaimbira wokolopayo foni, iye n'kuyankha ndi kubuula kumene kunamveka ngati matenda enieni. Anawerenga makatoni m'sitolo, onse analipo. Anayang'ana pansi, nadziona nkhope. Wapolisi wamkulu anayasamula n'kunena kuti mlandu wokolopa mopitirira muyeso sanauonepo m'buku.

Chimene chinkawasowetsa mtendere mayiwo chinali kompyuta. Anagwira mausi, zinthu n'kumatseguka ngati zikuwaopa. Anati zaka zitatu akhala akudandaula, ndipo katswiri wawo ankangoti makinawa atha, agule ena. Anamuimbira kuti abwere adzaone zodabwitsazi.

Madigiri anafika atavala tayi, Loweruka. Anadutsa pafupi ndi Injiniya mpaka phewa kukhudza phewa, osamuona, pakuti munthu wa mopu ndi mpando n'chimodzimodzi. Anakhala pa desiki, anagwedeza mausi, ndipo nsidze zake zinakwera. Zitatsika, yankho linali litapsa. Anati ndi iyeyo anakonza sabata yatha, ali ku shopu kwake, kudzera pa intaneti, kungoti ntchito zoterezi zimatenga masiku kuti zikhazikike m'makina.

Mayi manijala anawomba m'manja. Anati tsopano aona kuti mapepala a pakhoma aja si ogula pa msika. Wapolisi wamkulu anauza okolopa atatuwo kuti anyamule ndowa zawo azipita. Mapulani anatsogola, Chigubu pambuyo, Injiniya kumapeto. Khomo linali lotseguka, kunja dzuwa likuwala, njinga zikudutsa mumsewu. Panatsala mapazi atatu okha.

"Zinthu izi si za aliyense, mayi," anatero Madigiri akuwongola tayi. "Ndinali ndi wina wopukuta fumbi ku shopu, ankadziyesa injiniya. Akanagwira iyeyo makinawa, bwenzi pano tikuzimitsa moto."

Mapulani anamva mopu ikugwa pansi kumbuyo kwake, ndipo anatseka maso.

"Bodza limenelo," anatero Injiniya, akuvula chipewa. Sanakweze mawu. "Memori siiyenda pa intaneti, bwana. Ngati mwakonza ndinu, tauzani mayiwa, m'bokosimo muli timemori tingati?"

Apa Madigiri anamuzindikira. Anati muli kamodzi, monga mwa masiku onse. Injiniya anatulutsa sikuludilaiva, natsegula bokosi pamaso pa onse, naloza tiwiri titakhala moyandikana. Anakoka yakufa ija, naonetsa malo amene anazulapo. Anaonetsa nyenyeswa za labala pa desiki. Anafotokoza za tebulo la telala, za osaka mavairasi awiri olimbana okhaokha, za pulogalamu ya chishango imene inkasowa pokhala. Analankhula bwino kwambiri, moti wapolisi wachitsikana anasiya kulemba n'kumamvetsera, ndipo mayi manijala ankagwedeza mutu, maso ali pa iye, osati pa tayi. M'moyo wake wonse Injiniya sanamvepo kukoma ngati pa mphindi zimenezo.

Wapolisi wamkulu ndiye anafunsa, mwaulemu ndithu, kuti nanga munthu wobwera kudzakolopa anatsegula kompyuta chifukwa chiyani.

"Fayilo ya nambala ya sitolo imakana kutseguka," anayankha Injiniya, adakali m'chimwemwe chake. "Awa anaidina ka makumi awiri."

Analoza Mapulani ndi sikuludilaiva, kenako anamva zimene wanena.

Mapulani anayesa liwiro. Koma pakhomo paja mpamene iye mwini anathira sopo theka la botolo, ndipo miyendo yake inafika panja thupi lisanakonzeke. Anagwa chagada, ndowa n'kumutsata. Chigubu sanavutike n'kuthawa. Anakhala pa mpando wa alendo n'kufunsa ngati madzi akumwa alipo. Kamera inajambula zonsezi momveka bwino, mosadukiza, pakuti memori inali yokwanira.

Ku polisi anawakhazika pa benchi, maunyolo ali m'manja. Mapulani sanamuyang'anenso Injiniya, ankangobwereza chapansipansi kuti mapazi atatu, aise, mapazi atatu okha. Wapolisi wachitsikana uja anakhala pa kompyuta ya pa kauntala, imene inali yakale kuposa ija, nayamba kulemba chikalata cha mlandu. Atafika pofunsa ntchito, Mapulani anati wabizinesi. Chigubu anaganiza nthawi yaitali n'kuti mlamu wa wokolopa. Injiniya anaweramitsa mutu. Ankaganiza za mkazi wake, ndi mmene nkhaniyi idzamupezere, ndipo manyazi anali atayamba kumuluma.

Mayi manijala, amene anabwera kudzapereka umboni, ndi amene anayankha.

"Lembani kuti wokonza makompyuta. Mbava ndi mbava, kukhoti tikaonana. Koma ntchito amaidziwa."

Sanaseke. Wapolisiyo analemba, ndipo zilembo zinkatuluka pa sikirini chimodzichimodzi, mochedwa, iye atamaliza kale kudina. Injiniya anasuzumira, nawerenga dzina lake, ndi mawu awiri aja pansi pake, pa chikalata chokhala ndi chidindo. Anafunsa ngati n'kotheka kumusindikizira kope lake, loti mkazi wake akalione akabwera kudzamuzonda.

Wapolisiyo anamuyang'ana, anapukusa mutu, nadina kuti isindikize. Palibe chinachitika. Anakweza chala kuti adinenso.

"Kamodzi kokha, bwana," anatero Injiniya. "Tidikire. Ine nthawi ndili nayo tsopano."